Ndani Akuimba? Za Private Number ndi Mafoni Osowetsa Mtendere

Pa msonkhano wathu wa mwezi uno tinakambirana nkhani imene inabuka pa gulu lathu la WhatsApp. Kwa inu amene simunabwere, nazi zimene mlembi wa kalabu anayankhula. Tazilemba monga momwe anayankhulira.

Wapampando, amayi athu a matroni, abambo athu a patroni, ndi anzanga nonse, zikomo pondipatsa mpata. Ndaona ena mwayamba kale kusuzumira pa foni. Lero musaibise, chifukwa foniyo ndiye nkhani yathu.

Mukudziwa kuti sabata yathayi gulu lathu linatentha. Atsikana ena m'kalabu muno anadandaula kuti pali anthu amene akumawaimbira usiku pa private number. Ena amangopuma osayankhula, ena amatukwana, ena amanena zolaula. Ambiri munayankha mofanana: "Boma lingoletsa private number basi, aliyense azioneka." Mkwiyo umenewu ndi womveka. Munthu amene foni yake ikulira 2 koloko usiku, kachitatu, kachinayi, sagona tulo, m'kalasi amawodzera, ndipo amayamba kukayikira aliyense amene amamupatsa moni panjira. Zimenezi ndi nkhanza. Tisazipeputse ndi mawu aja akuti "ungothimitsa foniyo." Foniyo ndi imene mayi ake amamupezerapo, ndi imenenso amalandirirapo ndalama ya fizi.

Koma tisanakweze manja kuvomereza zoletsazo, tiyeni tidzifunse: kodi amene amabisa nambala ndi ndani? Taganizani anthu anayi. Woyamba ndi wotukwana usiku uja. Wachiwiri ndi mayi amene wathawa mwamuna womumenya, wabisala kwa achibale, wagula simu yatsopano, ndipo akufuna kuimba kunyumba kuti amve ngati ana adya, koma mwamunayo asadziwe nambala yatsopanoyo. Wachitatu ndi kalaliki amene waona bwana wake akusolola ndalama zogulira mankhwala, akufuna kutsina khutu mtolankhani, koma ali ndi ana oti awadyetse mawa. Wachinayi ndi namwino amene akuimbira wodwala pa foni yakeyake kumukumbutsa tsiku lodzatenga mankhwala, ndipo sakufuna kuti mudzi wonse uzimuimbira pakati pa usiku. Pa sikirini yanu anthu anayi onsewa amaoneka chimodzimodzi. Mukavula woyambayo chigoba, atatu enawo mwawavulanso. Paja akulu anati walira mvula walira matope.

Kuti timvetsetse bwino, tiyambe ndi mmene zinthu zimayendera mkati mwa netiweki. Munthu akabisa nambala, kaya kudzera mu settings za foni, kaya poyamba ndi #31# monga zimachitikira pa netiweki zambiri za mafoni am'manja, nambalayo sifufutika ayi. Imayenda ndithu kuchoka pa foni yake, kupita ku nsanja ya netiweki, kudutsa m'makina a kampani, mpaka kufika ku makina omaliza amene amalizitsa foni yanu. Chimene chimangowonjezeredwa ndi kachizindikiro kouza makinawo kuti "uyu musamuonetse." Makinawo amamvera, ndiye inu mumangoona private number. Koma kampani imadziwa. Iyenera kudziwa, apo ayi ingadule mayunitsi a ndani? Pa foni iliyonse makina amalemba nambala yoimba, nambala yoimbiridwa, tsiku, nthawi, kutalika kwa macheza, ndi nsanja imene foniyo inagwira. Zili ngati kalata imene wolemba sanaike dzina lake, koma wa ku positi ofesi anamuona akuiponya ndipo analemba dzinalo m'buku.

Ndiye kuti buku lilipo. Funso limene tiyenera kulimbana nalo ndi lakuti bukulo alitsegule ndani, pa chifukwa chanji, ndipo ndi chilolezo cha ndani.

Mkangano umenewu sunayambe lero, ndipo sunayambire kuno. Ku America anatsutsana nawo zaka zoposa 30 zapitazo, nthawi ya mafoni a chingwe a m'nyumba aja. Masiku amenewo foni ikalira sunkadziwa woimba mpaka utanyamula. Titi woimba aliyense anali private number. M'chaka cha 1987 kampani ya New Jersey Bell inayamba kuyesa kabokosi koonetsa nambala ya woimba, chimene lero timati Caller ID. Mfundo yawo yaikulu potsatsa inali yomwe ija ya pa gulu lathu, yakuti oimba zolaula ndi zoopseza adzasiya chifukwa adzaopa kuoneka. Ndipo kampaniyo inkanena kuti m'madera amene kabokosiko kanafika madandaulo otere anatsikadi.

Kenaka kunadzuka anthu amene kampaniyo sinawaganizire. Oyang'anira nyumba zosungirako amayi othawa nkhanza anati mayi akaimba kwa mwamuna wake pa nkhani ya ana, nambala ya malo obisikawo ioneka, ndipo munthu wokhala ndi nambala savutika kupeza malo. Apolisi ofufuza milandu mobisa anati ntchito yawo iwonongeka. Madokotala amene ankaimbira odwala ali kunyumba anadandaulanso. Anthu amene ankalipira mwezi ndi mwezi kuti nambala yawo isalembedwe m'buku la manambala anafunsa kuti nanga akulipiriranji. Ena anaopa kuti ukangoimba kusitolo kufunsa mtengo wa katundu, basi nambala yako yalowa m'kaundula wa otsatsa malonda.

Nkhani inakafika kukhoti. M'chaka cha 1990 khoti lina m'chigawo cha Pennsylvania linagamula kuti Caller ID ikuphwanya lamulo la chigawocho loletsa kuzonda mafoni a anthu, ndipo mu 1992 khoti lalikulu la chigawocho linagwirizana nazo. Tangoganizani, chinthu chimene ife timachiona ngati chachibadwidwe, kuona nambala ya amene akuimba, majaji anachitcha kuphwanya lamulo. Ku California kabokosiko kanachedwa kufika mpaka 1996 chifukwa cha mkangano womwewu.

Anathana nazo bwanji? Palibe mbali imene inapatsidwa zonse. Bungwe la FCC, limene limayang'anira za mafoni ku America monga MACRA imachitira kwathu kuno, linalamula kuti kuyambira Disembala 1995 manambala azioneka ngakhale munthu akuimbira ku chigawo china, koma woimba aliyense akhale ndi njira yaulere yobisira nambala yake, poyamba ndi *67. Woimbiridwa nayenso anali ndi yake. Makampani ambiri anapereka njira ya *77, yakuti foni yobisa nambala isalire nkomwe m'nyumba mwako. Woimbayo amangomva uthenga womuuza kuti munthuyu salandira mafoni obisika, ngati akufuna kumupeza aonetse nambala. Ndipo panali njira yachitatu, ya *57. Ukalandira foni yoopseza, umadula, nkudina *57 nthawi yomweyo. Makina amasunga nambala ya woimbayo ngakhale anaibisa, koma sakupatsa iweyo. Imakaperekedwa kwa apolisi ukakadandaula.

Ine ndimaziona ngati makiyi atatu a nyumba imodzi. Kiyi woyamba ali ndi woimba: angathe kubisa nambala yake kwa amene akumuimbira. Kiyi wachiwiri ali ndi woimbiridwa: angathe kukana kulankhula ndi munthu wobisala. Kiyi wachitatu ali m'manja mwa lamulo: pakachitika nkhanza, buku lija limatsegulidwa, koma motsata ndondomeko. Maiko a mgwirizano wa European Union analemba makiyi atatu omwewa m'lamulo lawo la chaka cha 2002: kubisa nambala kwaulere, kukana mafoni obisika, ndi kuchotsa chobisacho pofufuza mafoni ovutitsa anthu kapena munthu akaimbira othandiza pa ngozi. Amene muli ndi abale ku Britain afunseni, kumeneko amayamba ndi 141 akafuna kubisa nambala.

Ndikudziwa funso limene lili m'mitu mwanu. Bwanji osangomupatsa wozunzidwayo nambalayo? Si iyeyo akuvutika? Pali zifukwa zitatu. Choyamba, foni imabwerekedwa. Tonse pano tinaimbirapo pa foni ya mnzathu, ya achimwene, ya amalume. Nambala imakuuza simu imene inaimba, sikuuza pakamwa pamene panatukwana. Chachiwiri, munthu wokwiya akapeza dzina sadikira khoti, amasonkhanitsa anyamata. Chachitatu ndiye chachikulu. Kumbukirani mayi wothawa nkhanza uja. Kukanakhala kuti aliyense wonena kuti "private number ikundivutitsa" amapatsidwa nambala pa kauntala, woyamba pa mzere akanakhala mwamuna wake, atavala nkhope ya munthu wozunzidwa. Nchifukwa chake pakati payenera kuima munthu wachitatu, wapolisi ndi khoti, woti aone kaye ngati dandaulo ndi loona.

Chinanso chimene anzathuwo anaphunzira nchakuti ufulu wobisa nambala ndi wa munthu, si wa kampani yoimbira anthu zikwizikwi kuwagulitsa zinthu. Ku America kuyambira 2004 otsatsa malonda pa foni saloledwa kubisa nambala, ndipo ku Britain lamulo lofanana linayamba mu 2016. Namwino uja ali ndi chifukwa chobisalira. Wogulitsa inshuwalansi alibe.

Malire amenewa amasunthidwa zinthu zikafika povuta. Kumayambiriro kwa 2017 malo ambiri osonkhanirapo Ayuda ku America ankalandira mafoni obisika onena kuti mwatcheredwa bomba. Ana a sukulu za mkaka ankathamangitsidwira panja mobwerezabwereza. Mu Malichi chaka chomwecho FCC inapereka chilolezo chapadera kuti manambala obisikawo adziwike pofufuza, ndipo mu Okutobala inakhazikitsa lamulo lakuti foni ikakhala yoopseza moyo, apolisi ndi achitetezo angathe kupatsidwa nambala yobisikayo. Onani bwino, sanathetse *67. Anangofewetsa kiyi wachitatu pa milandu yoopsa. Ndipo amene anamangidwa pa mafoni ambiri mwa amenewa anali mnyamata wosakwana zaka 20, amene ankaimba ali ku Israel, kudzera pa intaneti ndi zida zobisira kumene foni ikuchokera.

Apa pali phunziro lina lofunika kwa ife. Nambala yooneka pa sikirini siitanthauza kuti mwamudziwa woimba. Poimba kudzera pa intaneti, nzotheka kuonetsa nambala yabodza, ngakhale nambala ya munthu wina wosalakwa. America inachita kupanga lamulo lapadera, limene linasainidwa mu 2010, loletsa kuonetsa nambala yabodza ndi cholinga chobera kapena kupweteka munthu, ndipo pofika 2021 makampani akuluakulu analamulidwa kuika makina otsimikizira kuti nambala yooneka ndi yeniyenidi. Kwathu kuno taganizani za akathyali aja amene amaimba kuti "mwawina," kapena "mwana wanu wagonekedwa m'chipatala, tumizani ndalama msanga," kapena "ndatumiza ndalama molakwika, ndibwezereni." Kodi amaimba pa private number? Ayi ndithu, amafuna muwaimbirenso. Nambala imaoneka bwinobwino, kungoti simuyo inalembetsedwa pa chitupa cha munthu wina. Ndiye ngakhale private number italetsedwa mawa m'mawa, wotukwana usiku uja angopeza simu ya dzina la wina, pamene mayi uja, kalaliki uja ndi namwino uja atsala poyera.

Tsopano tibwere kwathu. Malamulo athu amateteza mbali zonse ziwiri. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wa chinsinsi, ndipo limatchula mwachindunji kuti makalata ndi mauthenga a pa lamya asalowereredwe. Chimenechi ndi chimene chimaletsa wogwira ntchito ku kampani ya mafoni kungotulutsa mndandanda wa amene mumaimbirana nawo nkupatsa chibwenzi chanu. Mu 2024 tinakhalanso ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu payekha, Data Protection Act. Achikulire pano akukumbukira mkangano wa makina a MACRA amene anthu anawapatsa dzina lakuti spy machine. Nkhaniyo inazungulira m'makhoti zaka zingapo, ndipo phata lake linali funso lathu lomwe lija: buku la mafoni a anthu alione ndani?

Mbali inayi, kuyambira 2018 simu iliyonse m'dziko muno iyenera kulembetsedwa, ndipo ambiri tinalembetsa ndi chitupa cha unzika. Ndiye kuti kumbuyo kwa nambala iliyonse kuyenera kukhala dzina. Tilinso ndi lamulo la chaka cha 2016 lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act. Gawo 87 la lamuloli limanena za munthu amene mwadala komanso mobwerezabwereza amagwiritsa ntchito njira zamakono zolumikizirana kusokoneza mtendere kapena chinsinsi cha mnzake popanda chifukwa chenicheni, kaya alankhulana kaya sanalankhulane. Mwamva pamenepo? Kaya sanalankhulane. Uja wongopuma pa foni osanena kanthu, lamulo linamuwerengera kale. Chilango chake ndi faindi ya K1,000,000 ndi miyezi 12 m'ndende. Lamulo lomweli lili ndi magawo ena okhudza kuopseza ndi kulondalonda munthu. Ndipo ngati zonenedwazo ndi zachisembwere, palinso lamulo la Gender Equality Act la 2013, limene limaletsa kuvutitsa munthu pa nkhani zogonana.

Choncho makiyi atatu aja nafenso tili nawo. Tizinena zoona, wachitatuyo ndi wolemera kumunyamula. Polisi ili kutali, thiransipoti ndi ndalama, mtsikana amachita manyazi kubwereza mawu olaula pamaso pa anthu, ndipo ofufuza kuti apeze zolembedwa za ku kampani ya mafoni amayenera kudutsira kukhoti, zimene zimatenga nthawi. Ngati pali chinthu choti achinyamata tizikuwa kwa aphungu athu ndi kwa MACRA, ndi chimenechi: njira yodandaulira mafoni ovutitsa ikhale yaifupi, yodziwika, ndi yosadula. Kukuwa kumeneko kungathandize atsikana athu kuposa kupempha kuti aliyense avulidwe chigoba.

Nanga iwe amene ukuvutitsidwa lero, uchite chiyani? Ndilankhule ndi iweyo mwachindunji, ngakhale sindikutchula dzina.

Choyamba, usakangane naye. Munthu wotereyu chakudya chake ndi mawu ako. Ukalira wakhuta, ukatukwana wakhuta, ukafunsa kuti "ndinu ndani kodi" kakhumi wakhutanso. Ngati ukufuna kunena kanthu, nena kamodzi kokha kuti "musandiimbirenso, ndikukanena ku polisi," nkudula.

Chachiwiri, usafufute kanthu. Ndikudziwa mtima umafuna kuchotsa zonse kuti usazionenso, koma umenewo ndiye umboni wako. Tenga screenshot ya mndandanda wa mafoni olowa. Pezanso kope, uzilemba tsiku, nthawi yeniyeni mpaka mphindi zake, ndi mawu amene ananena. Nthawiyo njofunika kwambiri, chifukwa pa foni yobisika ndiyo imathandiza kupeza mzere woyenera m'buku la kampani lija. Ukangoti "amandiimbira usiku," wofufuza alibe poyambira. Ukati "Lachiwiri, 1:47 usiku, masekondi 40," wamupatsa pogwira.

Chachitatu, gwiritsa ntchito kiyi wako. Mafoni ambiri a Android ali ndi malo mu settings pamene ungaletse manambala obisika kuti asalire. Pa iPhone pali njira yoti manambala osadziwika asamalize foni, ndipo WhatsApp inaikanso yake mu 2023. Amene muli ndi mafoni a mabatani, ena ali ndi blacklist, tithandizane kuyang'ana tikatha pano. Dziwa kuti njirayi ili ndi mtengo wake. Ukhoza kuphonya foni ya kumene unafunsira ntchito kapena ya kuchipatala. Koma kusankha nkwako, ndipo palibe amene ali ndi ufulu woti uzimuyankha atabisala.

Chachinayi, uza munthu wamkulu amene umamukhulupirira, ndipo mupite limodzi ku polisi, ku nthambi ya Victim Support. Tenga kope lija ndi foni. Funsa dzina la wapolisi amene walandira dandaulo lako kuti udziwe wokamufunsa ukabwereranso. Kadziwitsenso kampani ya foni yako, ngakhale sakupatsa nambalayo, ndipo usakwiye akakana, chifukwa kukana komweko ndi kumene kumatetezanso iweyo tsiku lina. Ngati sunakwane zaka 18, nambala ya 116 ndi yaulere. Pa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi pali 5600. Ndipo woimbayo akayamba kutchula kumene umakhala, njira imene umadutsa, kapena kuopseza kuti akupweteka, usadikire kuti kope lidzaze. Pita tsiku lomwelo.

Tsopano ndilankhule ndi tonsefe, chifukwa zina mwa nkhanzazi timazithandizira tokha osadziwa.

Musaike nambala ya munthu pa Facebook kapena pa magulu ndi mawu akuti "uyu ndi amene akuvutitsa atsikana, muthane naye." Ndanena kale kuti foni imabwerekedwa, simu imalembetsedwa pa dzina la wina, ndipo nambala imatha kukhala yabodza. Mukalakwitsa, mwasandutsa munthu wosalakwa kukhala woimbiridwa usiku ndi anthu 500, ndipo wolakwira lamulo tsopano ndinu. Truecaller nayonso musaitenge ngati khoti. Ndi kampani ya ku Sweden, ndipo mayina ambiri amene imaonetsa amachokera kwa anthu ena ogwiritsa ntchito pulogalamuyo. Dzina likhoza kukhala la mwini wakale wa nambalayo, kapena lachipongwe limene wina anangolemba.

Musapite kwa "mnzanga amene amagwira ku kampani ya mafoni" kuti akuonereni mwamseri. Lero akuonerani inu chifukwa mukuvutikadi. Mawa khomo lomwelo alowerapo mwamuna wansanje ndi K10,000 m'manja, kufuna kudziwa kumene mkazi wake wathawira. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Musalembetsere munthu simu pa chitupa chanu, ngakhale akupatseni ya drink. Buku lija likadzatsegulidwa, dzina lotulukamo lidzakhala lanu, ndipo mudzavutika kufotokoza kuti munthuyo munangokumana naye pa depoti. Simu ikatayika kapena foni ikabedwa, kaitsekeni msanga.

Ndipo musagawe nambala ya mnzanu popanda kumufunsa. Ichi chikuoneka chaching'ono, eti? Koma dzifunseni kuti oimba usikuwa manambala a atsikana athu amawapeza kuti. Ambiri sachita kuba. Amapatsidwa ndi ife: "Aise, tandigaireko nambala ya uja wa kwaya." Amawatola pa magulu a WhatsApp amene timalowetsamo aliyense. Amawajambula pa pepala la mayina limene timasiya pa tebulo msonkhano ukatha. Yankho ndi losavuta: "Ndimufunse kaye." Kapena tengani nambala ya wopemphayo mukampatse mwini wake, asankhe yekha.

Magaye, anyamata anzanga, pano tilankhulane ngati amuna. Sindikuti oimbawo ali m'chipinda muno, koma ali ndi anzawo, ndipo anzawowo ndife. Mtsikana akakukana, wakukana. Akakubuloka, ndiye yankho limenelo. Kubisa nambala kuti ayankhe, kubwereka foni ya mnzako, kumufulasha kakhumi pa ola, zimenezo si chikondi cholimbikira ayi, ndi zimene Gawo 87 lija likunena. Ukamuona mnzako akuchita zimenezi nkumaseka naye, dziwa kuti mlongo wako nayenso ali ndi foni. Muuze asiye. Muuzenso kuti kubisala kwakeko nkwa pa sikirini pokha, kumbuyoku zonse zinalembedwa, ndipo mlandu suola. Atsikana, nanunso izi zikukukhudzani. Kuimbira mkazi mnzako pa private number kumutukwana chifukwa cha mnyamata ndi mlandu womwewo.

Wina akhoza kufunsa kuti nanga ine ndingabise nambala liti popanda kulakwa? Dziyese ndi mafunso awiri. Kodi ndikubisa kuti ndidziteteze, kapena kuti ndichite chinthu chimene sindikanachita nkhope yanga ikuoneka? Ndipo munthuyu atadula, ndimusiya? Ngati ukuimbira munthu wosamudziwa amene akugulitsa foni pa Facebook, kapena ukukanena za mwana amene akuzunzidwa kwa aneba, bisa, ndi ufulu wako. Ukalumikizana naye nena chimene waimbira mwaulemu, ndipo akakana kulankhula ndi munthu wobisika, ndi ufulu wakenso.

Wapampando, ndimalize ndi zinthu zinayi zimene ndikupempha kuti tivotere lero. Choyamba, buku la mayina ndi manambala a mamembala lizisungidwa ndi mlembi ndi matroni okha, lisamayendeyende pa mabenchi. Chachiwiri, pa gulu lathu la WhatsApp azilowetsa anthu ndi ma admin okha, ndipo link ya gulu isamaponyedwe poyera. Chachitatu, tisankhe anthu awiri, mtsikana mmodzi ndi mnyamata mmodzi, pamodzi ndi amayi a matroni, oti membala aliyense wovutitsidwa aziwauza mwachinsinsi ndipo azimuperekeza ku polisi, thiransipoti ichoke m'thumba la kalabu. Chachinayi, tilembe kalata yoitana wapolisi wa ku Victim Support kuti abwere pa msonkhano wa mwezi wa mawa adzatifotokozere yekha zimene zimachitika dandaulo likaperekedwa, ndi nthawi imene zimatenga.

Amene muli ndi mafoni ovuta kupeza poletsera manambala obisika, musathamangire kunyumba. Tikhala pakhonde mphindi 20 tikatseka ndi pemphero, tiziona limodzi foni ndi foni.